Funsani Wojambula: Tsiku lonse mumatani m'chipindamo?

Akulu, amuna anga amapenta zithunzi zopanda nkhope, nyumba kapena mtengo, mitundu ndi mizere basi. Amadzitsekera m'situdiyo kuyambira m'mawa, koma ndikasuzumira ndimawapeza ali pampando, dzanja kuchibwano, akungoyang'ana nsalu. Imeneyi ndi ntchito kapena ulesi? Mayi wodabwa

Mayi, mpandowo musauchotse. M'situdiyo yanga ndasintha maburashi osawerengeka, koma chimene ndimachigwiritsa ntchito kwambiri ndi mpando wakale umene uli pafupi ndi chitseko, wothimbirira penti mpaka kumiyendo. Ndikapenta mphindi 20, ndimakhalapo pafupifupi ola lathunthu.

Chifukwa chake nachi. Wojambula nkhope ali ndi womudzudzula: mphuno ikapindika, mwini mphunoyo amuuza. Ife a zithunzi zosafanizira chinthu, zimene zimatchedwa abstract, tilibe wotiuza. Ukaika banga lofiira kumanzere, mbali yonse ya kumanja imapepuka, ndipo zimenezo suziona mphuno ili pansalu. Uyenera kubwerera m'mbuyo, kukhala pansi, kulola maso ayende okha, uone pamene akukodwa ndi pamene akuthawira kunja.

Ine ndikalowa m'mawa sindikhudza burashi. Ndimatsegula zenera n'kuyang'ana za dzulo, pakuti babu lamagetsi ndi labodza: buluu amene usiku amaoneka wozama, kukacha umam'peza wafa. Kenako chithunzicho ndimachizondotsa, kapena kuchionera m'galasi, kuti maso asachizolowere. Nthawi zina ndimachijambula pafoni n'kuchotsa mitundu yonse, kutsale kuda ndi kuyera. Pamenepo manyazi onse amaonekera.

Wojambula wa ku Russia Wassily Kandinsky, amene anasiya zamalamulo ali ndi zaka 30 n'kupita ku Munich mu 1896 kukaphunzira kupenta, anasimba kuti tsiku lina madzulo analowa m'situdiyo yake n'kuona chithunzi chokongola modabwitsa, mitundu yokhayokha, osazindikira chimene chajambulidwa. Chinali chake chomwe, chotsamira khoma chammbali. Mawa lake kutawala, zinthu zojambulidwazo zinabwereranso, kukongola kuja n'kuchepa. Chithunzi chake chachikulu, Composition VII, cha mamita 3 m'litali ndi 2 m'lifupi, anachipenta masiku 4 okha mu Novembala 1913, koma anali atajambula kale zoyeserera zoposa 30. Mkazi wosuzumira pakhomo miyezi yam'mbuyomo akanaganiza ngati inu.

Komabe sindingawaikire kumbuyo amuna anuwo mpaka kumapeto. Pali kukhala koyang'ana, palinso kukhala kwa mantha. Muone ngati nsaluyo ikusintha pakatha sabata. Ngati m'manja mwawo mumakhala foni, mukudziwa kale yankho.

Pepani, koma izi mwana wanga wa zaka 4 angathe. Si kungowaza penti basi? Bambo wosakhutira

Bambo, mwana wanu angathedi kupenta chokongola, ndipo ena a ife timam'chitira nsanje. Chimene sangathe ndi kuchita zimenezo mwadala mawa, mkuja, kwa zaka 30, n'kudziwa chabwino pakati pa khumi zoipa.

Mukamati kuwaza, mukunena wojambula wa ku America Jackson Pollock. Iye anayamba waphunzira kujambula anthu pansi pa Thomas Hart Benton ku New York. Cha mu 1947 anayamba kuyala nsalu pansi m'situdiyo yake ku Springs, Long Island, n'kumazungulira mbali zonse zinayi akudonthetsa penti wa m'chitini ndi kamtengo kapena burashi youma gwa. Yesani nokha kuseri kwa nyumba. Penti akakhuthala amagwa mbulumbulu, akasungunuka kwambiri amapanga chithaphwi. Kuti mzere utuluke wopyapyala kuno, wonenepa uko, pansalu yoposa mamita 5 ngati ya chithunzi chake One: Number 31 cha mu 1950, pamafunika mkono wodziwa liwiro lake.

Koma ndisakubisireni, nafe timachita manyazi nthawi zina. Mu 2022 ku Düsseldorf, ku Germany, anatulukira kuti chithunzi cha Piet Mondrian, New York City I, chopangidwa ndi matepi amitundu, chakhala chikupachikidwa chozondoka kwa zaka zoposa 75. Anachisiya momwemo poopa kuti matepiwo angamatuke. Sekani, n'zololedwa.

Ndikuphunzira kupenta ndi akiriliki, penti wosungunula ndi madzi. Ndimayamba bwino, koma ndikamapitiriza zonse zimasanduka matope. Ndingadziwe bwanji kuti chithunzi chatha? Mtsikana wophunzira

Mwanangu, matope ali ndi mwini wake. Ukasakaniza chofiira ndi chobiriwira, kapena buluu ndi cha olenji, mitunduyo imaphana n'kubala chotuwa chakuda. Ukamapaka penti wamuwisi pamwamba pa mnzake wamuwisi ndi burashi yosatsuka, ukusakaniza osadziwa. Khala ndi zitini ziwiri za madzi, china chotsukira, china choyera. Yamba ndi mitundu itatu ndi woyera basi. Ndipo kumbukira kuti akiriliki akauma amaderako pang'ono, ndiye usamuweruze akali kunyezimira. Ubwino wake ndi woti amauma m'mphindi zochepa. Dikira, imwa madzi, kenako upake pamwamba.

Funso lako lachiwiri ndilo lomwe limandisowetsa tulo mpaka lero. Ndinali ndi chithunzi china chachikulu, chachikasu chotumbuluka, chokhala ndi mzere umodzi wakuda wotsetsereka ngati watopa. Ndinachimaliza masana amodzi, ndipo ndicho chinandipweteka: ndinaona ngati sindinachivutikire mokwanira. Ndinawonjezera kabuluu pakona. Kabuluuko kanafuna mnzake. Pofika Lachisanu mzere uja unali utakwiririka, ndipo ndinatsala ndi nsalu yolemera ngati chitseko, yosanena kanthu. Ndili nayo mpaka pano, yayang'ana kukhoma.

Chimene ndinaphunzirapo n'chogwirika. Ndimapenta zithunzi zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, kuti dzanja likayabwa lipite pa china. Chimene ndikuchikayikira ndimachitembenuzira kukhoma masabata awiri. Ndikachitembenuzanso, mphindi yoyamba ija ndiyo imanena zoona. Maso akathamangira pamalo amodzi n'kuyamba kukonza, sichinathe. Akangoyendayenda osafuna burashi, ndimalemba dzina kumbuyo.

Chenjera ndi kamalo kamene ukukakonda kwambiri. Nthawi zambiri ndiko kakuwononga chithunzi, chifukwa umayamba kupenta mokazungulira ngati dzira. Helen Frankenthaler, popenta Mountains and Sea mu 1952 ali ndi zaka 23, anasungunula penti wa oyilo n'kumuthira pansalu yosapakidwa kanthu, pentiyo n'kulowerera mu ulusi. Pamenepo palibe kufufuta, ndipo malo ambiri anawasiya nsalu ili mbee. Uyesere njira imeneyo ndi akiriliki wothira madzi ambiri. Idzakuphunzitsa kuchotsa dzanja.

Ndimapentera m'chipinda chogona ndi penti wa oyilo, ndipo mutu umandiwawa madzulo alionse. Mnyamata woyamba kumene

Achimwene, wokupwetekaniyo kawirikawiri si penti, ndi tapentaini wotsukira maburashi. Vindikirani botolo nthawi zonse, tsegulani mazenera, ndipo musagone momwemo. Maburashi mungawatsuke ndi mafuta a linseed (a njere za fulakesi) kenako sopo. Mutuwo ukapitirira, kaonaneni ndi dokotala.

Musalume burashi kapena kudyera pamene mukupentera, chifukwa mitundu ina ili ndi poizoni wotchedwa cadmium, ndipo woyera wina ali ndi mtovu, umenenso ndi poizoni. Sanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona: mafutawo akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa sanza ungayake wokha usiku. Ziyanikeni chotambasula panja, kapena zimizeni m'chitini chamadzi chokhala ndi chivindikiro.