Kodi Al Capone anali chigawenga kapena mthandizi wa amphawi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito yaulonda ku Johannesburg. Akuti usiku wina ali pa ntchito anatsutsana ndi anzawo mpaka tambala kulira, ndipo funso lawo ndi ili: "Anzanga akuti Al Capone sanali woipa monga anthu amanenera, chifukwa ankadyetsa amphawi ulere, komanso khoti silinamupeze ndi mlandu wakupha, linangomumanga pa nkhani ya msonkho. Kodi n'zoona? Ngati anaphadi anthu, bwanji sanamuzenge mlandu wakupha?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Anzanuwo sananame pa mfundo ziwirizo. Capone, mkulu wa zigawenga wa mumzinda wa Chicago ku America, anadyetsadi anthu anjala, ndipo mlandu umene unamugwetsa unalidi wa msonkho. Koma pamene afikira ndi pamene ndikusiyana nawo, ndipo ndikusiyana nawo kwambiri. Ndiloleni ndiyambire kumayambiriro.

Alphonse Capone anabadwa pa 17 January 1899 ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Makolo ake anachokera ku Italy, kufupi ndi Naples, kudzasaka moyo ku America. Bambo ake a Gabriele anali ometa tsitsi, mayi ake a Teresa ankasoka zovala, ndipo ana m'banjamo analipo 9. Silinali banja la mbava ayi, anali anthu odya thukuta lawo. Mnyamatayu anasiya sukulu ali ndi zaka 14 atamenya mphunzitsi wamkazi, kenaka anayamba kuyenda ndi magulu a anyamata ovuta a m'misewu. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi amuna awiri amene anamuumba, Johnny Torrio ndi Frankie Yale. Yale anamulemba ntchito pa bala yake yotchedwa Harvard Inn ku Coney Island, yogulitsa mowa ndi kutulutsa oledzera ovuta. Tsiku lina Capone analankhula zachipongwe kwa mtsikana wina, ndipo mchimwene wa mtsikanayo, Frank Galluccio, anamucheka ndi mpeni kutsaya lakumanzere. Zipsera zitatu zija ndizo zinamupatsa dzina loti Scarface, kutanthauza wa zipsera kumaso, dzina limene iye ankadana nalo moti pojambulitsa ankatembenuza nkhope kuti mbali yochekedwayo isaoneke. Kumapeto kwa 1918 anakwatira Mae Coughlin, ndipo anabereka mwana mmodzi yekha, Albert.

Mnyamata wotereyu akanatha kungokhala chimbalangondo cha pa bala mpaka kukalamba. Chimene chinamukweza ndi lamulo. Pa 17 January 1920, tsiku lenileni limene iye ankakwanitsa zaka 21, dziko la America linayamba kutsata lamulo loletsa kufulula, kunyamula ndi kugulitsa mowa m'dziko lonse. Amene analimbikitsa lamuloli, ambiri a iwo amayi ndi anthu a mipingo, anali ndi zifukwa zomveka, chifukwa ankaona malipiro a amuna akuthera ku bala ana akugona ndi njala. Koma ludzu la anthu silinathe ndi lamulo. Mabala anatsekedwa kumaso, kuseri kunatseguka mashabini zikwizikwi. Mowa wina unkalowa mozemba kuchokera ku Canada, wina unkafululidwa m'mafakitale obisika, ndipo m'nyumba za amphawi mabanja ankatcheza kachasu wawo n'kumagulitsa kwa zigawenga. Malonda onse a mowa, amene kale anali m'manja mwa makampani olipira msonkho, anagwera m'manja mwa anthu a mfuti.

Nthawi imeneyo Torrio anali atamuitanira kale Capone ku Chicago. Bwana wa gulu lawo, Big Jim Colosimo, amene ankalemera ndi nyumba za uhule ndi njuga, anawomberedwa mu May 1920 pa lesitilanti yake, ndipo Torrio anatenga mpando. Apa pali chinthu chimene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ndicho chimayankha theka la funso lanu. Munthu wochita malonda oletsedwa sangapite ku khoti mnzake akamubera katundu kapena akamulanda makasitomala. Khoti lake ndi mfuti. Ndiye kupha sikunali ngozi ya apo ndi apo pa malonda amenewa, kunali mbali ya ntchito, monga mmene sikelo ilili mbali ya ntchito ya wogula fodya.

Taonani mmene anafera Dean O'Banion, mtsogoleri wa gulu la kumpoto kwa Chicago. Munthuyu anali ndi sitolo ya maluwa moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha Holy Name. Pa 10 November 1924 anali m'sitolomo akukonza nkhata za maliro a munthu wina wotchuka. Kunalowa amuna atatu ngati ofuna maluwa. O'Banion anatambasula dzanja kuti apereke moni, mmodzi analigwira dzanjalo osalisiya, ndipo awiri enawo anamuwombera pafupi. Anagwera pakati pa maluwa ake omwe. Imfa imeneyi inayatsa nkhondo ya zaka zisanu. Mu January 1925 anthu a O'Banion anamuwombera Torrio pakhomo pa nyumba yake. Anapulumuka, koma mtima unachoka, ndipo anasiyira zonse Capone, amene anali ndi zaka 26 zokha. Mu September 1926 mdipiti wa magalimoto unadutsa pa hotela ya Hawthorne ku Cicero, tauni yoyandikana ndi Chicago, kumene Capone ankadya, n'kuthira zipolopolo zoposa 1,000 masana dzuwa likuswa mtengo. Capone anagona pansi n'kupulumuka. Patangotha milungu itatu, Hymie Weiss, amene analowa m'malo mwa O'Banion, anaphedwa pafupi ndi tchalitchi chomwe chija.

Tauni ya Cicero ndiyofunika kuitchula pa chifukwa china. Mu April 1924 kunali chisankho kumeneko, ndipo gulu la Torrio ndi Capone linatumiza anyamata a mfuti kukaopseza ovota ndi kuba anthu oyang'anira chisankho kuti anthu awo apambane. Tsiku lomwelo apolisi anawombera n'kupha mkulu wake wa Capone, Frank. Anthu awo anapambanabe. Ku Chicago kwenikweniko, meya William Hale Thompson ankadziwika kuti sankawavutitsa, ndipo apolisi ambiri, oweruza ena ndi andale ankalandira kangachepe mwezi ndi mwezi. Ine nkhani ya ziphuphuyi imandiwawa kuposa ya mfuti, chifukwa chigawenga chimodzi sichingagwire mzinda wa anthu oposa 3 miliyoni popanda anthu ovala mayunifolomu ndi masuti ochitsegulira zitseko.

Tsopano tifike pa tsiku limene dzina la Capone silidzasiyana nalo. M'mawa wa pa 14 February 1929, amuna 7 anali mu galaja ina pa 2122 North Clark Street. Ambiri a iwo anali a gulu la Bugs Moran, amene anatsala akutsogolera a kumpoto. Kunalowa amuna anayi, awiri atavala ngati apolisi. Aja anaganiza kuti ndi chipikisheni wamba, anamvera, anaima moyang'ana khoma manja ali m'mwamba. Anawapopera zipolopolo kumsana ndi mfuti zachiwaya za mtundu wa Thompson. Mmodzi mwa ophedwawo anali makaniko wokonza magalimoto, ndipo galu wake amene anamangidwa pa lole ndiye anatsala akulira mpaka anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona. Moran mwiniwake anachedwa kufika, n'chifukwa chake anapulumuka.

Mwa anthu 7 aja, mmodzi, Frank Gusenberg, anapezeka akupumabe ngakhale anali ndi zipolopolo 14 m'thupi. Apolisi anamufunsa kuchipatala kuti wamuwombera ndani. Iye anayankha kuti palibe amene wamuwombera, ndipo patapita maola ochepa anatsirizika. Achimwene, yankho la funso lanu lachiwiri lili pa bedi limenelo. Ngati munthu amene akufa akukana kutchula omupha, kodi mayi wogulitsa m'sitolo amene anaona galimoto ikudutsa angaime m'khoti? Mboni zinkaiwala mwadzidzidzi, zina zinkasowa, zina zinkapezeka m'ngalande. Komanso Capone sankagwira mfuti yekha pa ntchito zoterezi. Tsiku limenelo iye anali ku Florida, kumene anali ndi nyumba pa Palm Island, kutali ndi Chicago. Akatswiri ambiri a mbiri amakhulupirira kuti gulu lake ndilo linachita zimenezi, koma chikhulupiriro si umboni wa m'khoti. Kusazengedwa mlandu wakupha sikukusonyeza kuti manja ake anali oyera. Kukusonyeza kukula kwa mantha amene anadzala mumzindamo.

Nanga za kudyetsa amphawi? Zinachitikadi. Chuma cha America chitagwa mu October 1929, anthu miyandamiyanda anachotsedwa ntchito. Chakumapeto kwa 1930 Capone anatsegula malo odyetsera anthu ulere pa 935 South State Street. Amuna ovala zikhoti zakutha ankandanda pamzere m'chisanu cha Chicago, kulandira khofi, buledi ndi supu, katatu patsiku, osafunsidwa dzina kapena chifukwa. Sindikufuna kupeputsa zimenezi. Munthu amene wagona ndi njala masiku awiri, mbale ya supu ndi moyo, ndipo amene anadya pamenepo anali ndi chifukwa chomuthokozera.

Koma yang'anani nthawi yake. Zithunzi za mitembo ya mu galaja ija zinali zitafalikira m'nyuzipepala za dziko lonse. Mu 1929 Capone anamangidwa ku Philadelphia chifukwa chonyamula mfuti mobisa ndipo anatuluka mu March 1930. Chaka chomwecho bungwe lolimbana ndi umbanda la Chicago Crime Commission linamuika pamwamba pa mndandanda wa adani a anthu. Mkulu wake wina, Ralph, anali atapezeka kale wolakwa pa mlandu wa msonkho, ndipo Capone ankadziwa kuti akubwera kwa iye. Munthu amene kwa zaka khumi ankapanga ndalama zankhaninkhani anakumbukira anjala pa nthawi yeniyeni imene ankafuna kuti anthu amuone bwino, ndipo malowo sanathe ndi chaka chomwe. Ndalama zogulira supuyo zinachokera kuti? Ku mowa, ku njuga imene inkadya malipiro a amuna omwewo, ku atsikana a m'nyumba za uhule, ndi kwa eni masitolo ndi mabungwe a antchito amene ankakakamizidwa kulipira kuti asaphulitsiridwe bomba. Dzanja limene linkagawa buledi ndi lomwelo limene linkapisa m'matumba mwawo.

Mmene boma linamugwirira ndi nkhani imene imandisangalatsa, chifukwa amene anagwira ntchito yaikulu sanali anthu a mfuti. Ambiri amadziwa Eliot Ness, wofufuza wa boma pa milandu ya mowa, ndi gulu lake limene linkaphwanya mafakitale a mowa, ndipo iwo anamupwetekadi m'thumba. Koma amene anamumanga ndi owerengera ndalama. Mu 1927 khoti lalikulu la America linagamula, pa mlandu wa munthu wina wogulitsa mowa dzina lake Sullivan, kuti ngakhale ndalama zopezeka mwa njira yoletsedwa ziyenera kulipiridwa msonkho. Capone analibe akaunti ku banki m'dzina lake, sankasaina chilichonse, ndipo sanaperekeko fomu ya msonkho. Frank Wilson, wofufuza wa nthambi ya msonkho, anakhala miyezi akufukula mapepala mpaka anapeza mabuku a ndalama amene apolisi analanda kale pa nyumba ina ya njuga ku Cicero. Anafananiza kalembedwe ka m'mabukumo ndi ka pa mapepala a ku banki, mpaka anapeza kalaliki amene ankawalemba, Leslie Shumway, n'kumubisa kuti asaphedwe asanapereke umboni. Akulu anati mlandu suola.

Capone anayamba wavomera mlandu poganiza kuti agwirizana ndi boma pa chilango cha zaka ziwiri ndi theka. Jaji James Wilkerson anakana kumangidwa ndi mgwirizano umenewo, ndipo mlandu unapita kokazengedwa. Ku America mlandu wotere umagamulidwa ndi anthu wamba 12 osankhidwa, ndipo anyamata a Capone anali atapeza kale maina a anthu amene akanasankhidwa n'kuyamba kuwanyengerera ndi kuwaopseza. Wilson anatsinidwa khutu ndi loya wina wa malonda a mipikisano ya agalu, Edward O'Hare, ndipo anakauza jaji. M'mawa wa tsiku loyamba la mlandu, mu October 1931, Wilkerson anangolamula kuti gulu lonse la anthu amene akanasankhidwawo lipite ku khoti la jaji wina, ndipo la jaji winayo libwere kwa iye. Ndalama zonse za ziphuphu zinapita m'madzi nthawi yomweyo. Pa 17 October Capone anapezeka wolakwa, ndipo patatha sabata anagamulidwa zaka 11 ndi faindi ya madola 50,000, kuphatikizapo msonkho umene anazemba, woposa madola 200,000. O'Hare uja anadzawomberedwa ali m'galimoto yake mu November 1939, kutatsala masiku ochepa kuti Capone atuluke. Bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago, limene abale athu opita kumeneko amatsikira, linatchedwa dzina la mwana wake, amene anali woyendetsa ndege za nkhondo.

Capone analowa ndende ya Atlanta mu 1932, ndipo mu August 1934 anamusamutsira ku Alcatraz, pachilumba cha ku San Francisco, kumene ndalama zake sizinkagula kanthu. Ali m'ndende, lamulo loletsa mowa linathetsedwa mu December 1933, koma gulu lake silinafe, linapitiriza pansi pa Frank Nitti ndi anzake. Chimene chinamudya iye ndi chindoko chimene anatenga ali mnyamata osachiza, ndipo chinafika ku ubongo. Anatuluka mu November 1939 mutu utasokonekera, analandira chithandizo ku Baltimore, kenaka anabwerera ku Palm Island kumene mkazi wake Mae anamusamalira mpaka mapeto. Madokotala amene anamuyeza mu 1946 anapeza kuti nzeru zake zinali ngati za mwana wa zaka 12. Anamwalira pa 25 January 1947 ali ndi zaka 48, atadwala sitiroko ndi chibayo. Manda ake ali ku Mount Carmel, kunja kwa Chicago, komwenso anaikidwa O'Banion ndi Weiss. Pa imfa ya anthu 7 a mu galaja ija, mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa.