Funsani dokotala: Chilungulira chakana mkaka ndi soda

Adokotala, ndine mlimi wa mbatatesi kuno ku Bembeke, ndili ndi zaka 47. Papita miyezi 8 ndikuvutika ndi chilungulira komanso kuwotcha pamwamba pa mimba, makamaka usiku. Ndimatafuna mapilisi a maginiziyamu ogula pagolosale, pogona ndimamwa kapu ya mkaka, zikavutitsa ndimasungunula soda m'madzi. Msana ukamapweteka pochokera kudimba ndimamwa bufeni. Ndiuzeni mankhwala amphamvu oti ndigule. Malume anga anayamba chonchi, mapeto ake nsima inkawakanira pakhosi mpaka anatisiya.

Bambo wa ku Bembeke, Dedza

Bambo, mwafunsa za mankhwala, koma chimene chikukusowetsani tulo ndi nkhani ya malume anuyo. Tiyambire pomwepo. Anthu ambiri a chilungulira alibe khansa. Kawirikawiri vuto limakhala asidi wa m'mimba amene akubwerera kummero, kapena chilonda cha m'mimba, ndipo zonsezi zimachizika. Komanso sindikunamizani: Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Pa zaka zanuzo, kudwala miyezi 8 osaonana ndi achipatala ndi kuchedwa, ndipo wogulitsa pagolosale sangakuuzeni chimene chili m'kati mwanu.

Maginiziyamu mukutafunayo, magnesium trisilicate, amangozimitsa asidi amene ali kale m'mimba, ngati kuthira madzi pamakala. Mpumulo umabwera msanga koma sukhalitsa: m'mimba mukakhala mopanda kanthu sufika patali kuposa ola limodzi. Katafunidwe kake ndi pilisi limodzi kapena awiri, ola limodzi mutadya ndiponso pogona, ndipo mutafune mpaka asalale, osameza athunthu. Akachuluka amatsegula m'mimba, pomwe mapilisi ena ozimitsa asidi, a aluminium hydroxide, amadzimbitsa. Wodwala impso asamamwe popanda kufunsa.

Omeprazole ndi wina. Iye amatseka tizigawo ta m'chifu timene timapanga asidiyo. Kapisozi mmodzi wa 20 mg amamwedwa m'mawa, mphindi 30 musanadye phala, ndipo amamezedwa wathunthu. Ambiri amamwa ululu utayamba kale, nkumati mankhwalawa ndi abodza. Si abodza, mphamvu yake yonse imaoneka pakatha masiku atatu kapena anayi, ndipo nthawi zambiri amalembedwa kwa masabata 4 mpaka 8. Ranitidine, mankhwala ena ochepetsa asidi amene ena akumukumbukirabe, anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi kanthu kamene kangayambitse khansa. Mukamuona pa benchi ya wogulitsa pamsika, msiyeni pomwepo.

Tsono za mkaka. Chikhulupiriro ichi chazika mizu, mpaka wodwala zilonda za m'mimba achibale amamupititsira mkaka ngati mankhwala. Amati mkaka umamata chilonda. Sumata kanthu. Mukaumwa mumamvadi bwino kwa kanthawi, chifukwa wasungunula asidi uja. Koma mumkaka muli kashiamu ndi mapuloteni, ndipo zinthu ziwirizi zimauza chifu kuti chitulutse asidi wina. Pakatha maola awiri kapena atatu, inu muli mtulo, asidi wabweranso. N'chifukwa chake mumadzuka pakati pa usiku mukuwotchedwa, nkuganiza kuti mkaka unachepa, mawa lake muwonjezere kapu yachiwiri. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani masana ngati mumaukonda, koma chilonda sichipola nawo. Kale madokotala enieniwo ankapatsa odwala mkaka pafupipafupi, ndiye sindikukusekani. Zinasintha m'zaka za m'ma 1980 pomwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamakhala m'chifu momwemo. Analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka sikaopa mkaka. Kamafa ndi mankhwala atatu omwera limodzi kawiri patsiku kwa masiku 7 mpaka 14: omeprazole, amoxicillin, ndi clarithromycin kapena metronidazole. Osiyira panjira chifukwa ululu watha ndi amene amabweranso chaka chamawa kachilombo katalimba.

Soda musiyireni therere. Ali ndi mchere wokweza BP, amadzaza mpweya m'mimba, ndipo mpumulo wake ndi wa mphindi zochepa.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu mwachitchula mongodutsa: bufeni. Bufeni, indosidi, diclofenac ndi asipirini amafooketsa nembanemba yoteteza chifu ku asidi wake womwe. Kumwa bufeni masana, maginiziyamu usiku, ndi kukumba dzenje ndi dzanja ili uku mukukwirira ndi linalo. Ndikudziwa kuti kusenza matumba a mbatatesi m'mapiri a kwanuko kumathyola msana, koma lekani lero, mumwe panado, ndipo za msanawo mukaziuzenso achipatala. Fodya ndi kachasu nazo zimachedwetsa chilonda kupola. Mgonero muzidya kudakali maola atatu musanagone, ndipo ikani njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu kuti ikwere ndi masentimita 15. Kuunjika mapilo sikuthandiza, kumangopinda mimba.

Chenjezo lina kwa aliyense wowerenga amene ali pa ma ARV. Maginiziyamu amagwira dolutegravir, amene ali mu TLD, nkumulepheretsa kulowa m'magazi. Imwani TLD maola awiri musanatafune maginiziyamu, kapena dikirani maola 6 mutatafuna. Ciprofloxacin, doxycycline ndi mapilisi owonjezera magazi nawonso amagwidwa chimodzimodzi. Amene ali pa ARV wotchedwa atazanavir asayambe omeprazole asanafunse kukiliniki yawo.

Pitani kuchipatala sabata ino, osadikira kuti muyambe mwakumba mbatatesi. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapepala a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ngakhale ong'ambika. Nkhani ya malume muinene poyamba, musaisiyire pakhomo potuluka. Adzakugwirani pamimba, adzaona ngati magazi achepa, ndipo pomwe pali zipangizo adzayeza chimbudzi kufuna kachilombo kaja. Apa ndiye pali chifukwa china chosagulira omeprazole nokha: amabisa kachilomboko pakuyeza, moti amafunika kusiyidwa masabata awiri musanayezedwe. Amathanso kuziziritsa ululu wa matenda aakulu, munthu nkumati wachira. Akaona kuti m'pofunika, achipatala cha boma ku Dedza adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akakuunikeni ndi kapaipi ka kamera kodzera kukamwa. Mumapita osadya, ndipo kuunikako ndi kwa mphindi zochepa.

Koma izi musadikire nazo ngakhale tsiku limodzi: nsima kapena nyama kuima pachifuwa mpaka kuikankha ndi madzi, kuwonda moti lamba wasuntha bowo, kusanza magazi kapena zakuda ngati nsenga za khofi, chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula, kusanza chilichonse mwadya, kapena mimba kuuma ngati thabwa ndi ululu wadzidzidzi. Kuwotcha kwa pachifuwa kukabwera ndi thukuta, phuma, kapena kutsikira kudzanja lamanzere, ungakhale mtima. Pamenepo pezani njinga yamoto kapena galimoto usiku womwewo.