Ahedi akupatsani udindo wa uphungu: musathamangire kusiya choko

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wachitsikana wa pa CDSS ina ku Phalombe. Akuti chaka chatha ahedi anamusankha kukhala mlangizi wa ana chifukwa amaphunzitsa Life Skills ndipo atsikana amamasuka naye. Za uphungu sanaphunzirepo. Mwezi watha mtsikana wa Fomu 3 anamuuza kuti moyo watopa nawo, ndipo chiyambire tsikulo mphunzitsiyu tulo sakutiona. Pano akufuna kusiya ntchito kuti akachite digiri ya psychology, pomwe bambo ake akuti asiye zolimbana ndi amisala, alimbikire zokwezedwa pantchito.

Aphunzitsi, makalata otere ndimalandira pafupipafupi. M'sukulu zathu zambiri za boma, mlangizi ndi mphunzitsi yemweyo wokhala ndi mapiliyodi ake odzadza, amene tsiku lina pa msonkhano wa stafu anangomva dzina lake likutchulidwa.

Za digiri ziyambe zadikira, tiyambe ndi mwanayo. Mawa lomwe mukhale naye pansi, osati mu stafu rumu momwe anzanu akuchonga mayeso makutu ali tcheru, ndipo mumufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa kuti funsoli limupatsa mwana maganizo amene analibe. Sizili choncho. Mwana amapepukidwa mumtima akaona kuti wamkulu wina sakuthawa nkhaniyo. Akavomera, makamaka ngati waganizira kale njira ndi tsiku, asakhale yekha ndipo nkhaniyi isathere pa inu. Mumuuze poyera kuti chinsinsi mumasunga, koma chokhudza moyo wake simungasunge, kenako musankhe naye wamkulu wakwawo amene amamukhulupirira, kaya ndi mayi, azakhali kapena agogo. Mumuperekeze ku chipatala cha boma ndipo mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Nambala ya 116, ya Tithandizane Helpline yomwe amayendetsa a YONECO, ndi yaulere, ndipo nanunso mutha kuyimba kuti akuunikireni. Mukapeza kuti gwero lake ndi nkhanza kapena kugwiriridwa, pitani ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi ku Victim Support Unit ya polisi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho mlandu wotere si wokambirana pabwalo la amfumu n'kulipitsana mbuzi.

Tsopano za digiri. Ndikuuzani zoona ngakhale zikuwawa. Digiri yoyamba ya psychology, ngati imene amaphunzitsa ku University of Malawi ku Zomba, ndi maphunziro abwino, koma siyikusandutsani katswiri wochiza odwala maganizo. Ukatswiri umenewo umafuna maphunziro ena a masters pamwamba pake. Ndipo mukamaliza zaka zinayizo, musayembekezere kuti pali ofesi ya mlangizi yokhala ndi malipiro akeake ikukudikirani pa sukulu ya boma. Mukudziwa nokha anzanu angati anamaliza maphunziro a uphunzitsi n'kukhala pakhomo zaka akudikira kulembedwa. Inu muli kale pa malipiro a boma, ana muli nawo pafupi, ndiye mutaye zonsezi chifukwa cha mantha a mwezi umodzi? Ayi.

Njira imene ndimaikhulupirira ine ndi yophunzira uphungu ntchito muli nayo m'manja. Ku Mzuzu kuli sukulu ya ukachenjede ya St John of God komwe amaphunzitsa dipuloma ya psychosocial counselling, ndipo bungwe lomwelo lili ndi zipatala zothandiza odwala maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Lilongwe kulinso Guidance, Counselling and Youth Development Centre for Africa, malo amene anakhazikitsidwa kuti aziphunzitsa alangizi a achinyamata. Alembereni, afunseni ndondomeko ya maphunziro, fizi, ndi ngati mungamaphunzire uku mukugwira ntchito. Funsaninso ahedi za tchuthi chokaphunzira. Musanapereke ndalama kulikonse, tsimikizani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, kuti maphunzirowo ndi ovomerezeka.

Chimene ndimakondera maphunziro otere ndi chakuti amakukhazikani pamaso pa munthu weniweni, wina wodziwa akukuyang'anirani. Amakuuzani kuti apa mwalankhula kwambiri, apa mwamudula mawu mwana, apa mwayamba kulalikira. Ife aphunzitsi tinazolowera kulankhula ana ali chete, ndipo kusiya chizolowezi chimenechi n'kovuta kuposa kuloweza manotsi. Mumaphunziranso kulemba mwachidule zimene mwakambirana ndi kutsekera kabukuko, ndiponso kudziwa pamene nkhani yakukulirani. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo pa mabenchi a kunja kwa zipatala za ku Harare, ndipo zinathandiza. Agogowo analibe madigiri, koma anaphunzitsidwa bwino ndipo anali ndi owayang'anira.

Zimene sindifuna kumva ndi za aphunzitsi ongoyendayenda m'mawekishopu a masiku atatu, kusaina alawansi, kupachika satifiketi pakhoma, n'kumadzitcha akatswiri. Zaka zikudutsa, palibe pepala lolozeka, ndipo mwana akalira pamaso pawo amangoti pemphera, limba mtima. Pitani ku mawekishopu akakuitanani, koma asalowe m'malo mwa maphunziro enieni.

Kwa inu bambo a mphunzitsiyu, ndi ulemu wonse: mawu oti amisala ndi amene amachititsa ana kubisa mavuto mpaka zinthu zitafika poipa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi theka la matenda a maganizo limayamba munthu akamafika zaka 14, msinkhu wa ana a m'kalasi mwa mwana wanuyu. Ana a ku Phalombe ndi Mulanje anaona namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 akukokolola nyumba ndi abale awo, ena anagona m'makalasi omwe akuphunziriramo lero. Mwana wotere akamangoti duu m'kalasi mvula ikayamba kugunda pa malata, mumutcha wamisala? Ndipo dipuloma ya uphungu siitsekera munthu njira yokwezedwa, bambo. Lekani kumukoka mwendo.

Inunso aphunzitsi, kusowa tulo kwa mwezi wathunthu si chinthu chochinyozera. Pezani munthu wodziwa za uphungu woti muzimufotokozera zimene zakulemerani, osatchula maina a ana. Pemphani ahedi asankhe mphunzitsi wina wamwamuna woti muzigawana naye ntchitoyi, poti anyamata nawo ali ndi zawo, za chamba, mowa ndi fizi, ndipo amayi a mother group muwaike pafupi. Mtima wa ntchitoyi muli nawo, apo ayi mtsikanayo sakanakusankhani inu. Mukatha zaka ziwiri kapena zitatu muli ndi dipuloma ndipo mukufunabe digiri, mudzandilemberenso tidzakambirane. Pakadali pano ndikufuna ndimve kuti mwanayo waonana ndi a chipatala sabata ino.