Funsani Tikuyankheni: Ndiwerenge Anthu Kapena Ndicheze Nawo?

Funso: Ndine wophunzira wa chaka chomaliza pa sukulu ya ukachenjede ndipo ndikufuna kufufuza chifukwa chimene atsikana a m'dera la kwathu amasiyira sukulu panjira. Aphunzitsi akuti ndisankhe pakati pa kafukufuku wa quantitative ndi wa qualitative. Kodi woposa mnzake ndi uti? Wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Zikomo, wowerenga wathu. Njira yoyenera ituluka m'funso lanu lomwelo, ndipo inu mwanena kuti mukufuna kudziwa chifukwa.

Kafukufuku wa quantitative ndi wa ziwerengero: amayankha kuti ndi angati, kangati, ndiponso kuti vuto lakula kuti. Chitsanzo chachikulu ndi kalembera wa 2018, pamene nthambi ya boma yoona za ziwerengero, yomwe likulu lake lili ku Zomba, inafunsa mafunso ofanana pakhomo lililonse n'kupeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni. Momwemonso, kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Nambala yotere imamveka ku Nyumba ya Malamulo, koma imadalirika pokhapokha ofunsidwa atakhala ambiri ndiponso atasankhidwa mwa maere, zimene zimafuna ndalama zomwe wophunzira sakhala nazo kawirikawiri.

Fomu ya mafunso ilinso ndi malire ake. Mtsikana akapatsidwa mayankho asanu kuti achongepo limodzi, amachonga "umphawi" n'kubweza pepala. Mukakhala naye pamkeka kwa ola lathunthu, makolo ake atatalikirako, mungamve kuti umphawiwo unali kusowa sopo wochapira yunifolomu, kapena chimbudzi cha pasukulu chopanda chitseko chimene ankachita nacho manyazi ali kumwezi, kufikira masiku ojomba atachuluka n'kulephera mayeso. Kumva zotere ndiyo ntchito ya qualitative, yomwe imadalira kucheza mozama, zokambirana za pagulu ndi kuona ndi maso.

Kwa inu ndikulangiza njira yachiwiriyi, koma musaitenge ngati pothawira masamu, monga ena amachitira. Kulemba mawu onse a ola limodzi lojambulidwa kumadya maola angapo, ndipo mukacheza ndi atsikana 15, simungalembe kuti atsikana a m'Malawi amatere. Munganene za iwo okhawo ndi zimene nkhani zawo zikufanana. Ziwerengero musazitaye: pemphani kaundula wa sukulu kwa mphunzitsi wamkulu kuti muone kalasi imene atsikana amachepa kwambiri, ndipo ocheza nawo muwasankhe mwa amene anasiyira m'kalasi imeneyo.

Musanapite kumudzi, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku pasukulu yanu, mukaonekere kwa amfumu, ndipo mtsikana wosakwana zaka 18 mucheze naye makolo kapena omulera atavomera, iyenso atalola, dzina lake osalilemba mu lipoti.