Andisankha utcheya koma ndine wa sukulu ya kwacha, ndivomere?

Sabata yathayi kwabwera imelo yochokera kwa mayi wina, dzina sinditchula. Akuti anawalembera ndi mdzukulu wawo pa foni iwo akungolankhula, ngakhale mzere womaliza anaumirira kulemba okha, ndipo ndithu zikuoneka chifukwa zilembo zake zonse ndi zikuluzikulu. Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Anasiyira sukulu Sitandade 2 kalekale nthawi ya mafizi, anadzalowa sukulu ya kwacha ali ndi zidzukulu kale, pano amawerenga Chichewa, amalemba dzina lawo komanso amatha kuwerengetsa ndalama za ku banki m'khonde. Ndiye kudera kwawo kuli kabungwe kolimbikitsa maphunziro a akuluakulu, kamapita ku khonsolo kukadandaula za mabuku, choko ndi alawansi ya alangizi, ndipo anthu awasankha kukhala tcheya. Ena akuti a mayi mukatichititsa manyazi ku boma, kumeneko kumafuna Chingerezi. Funso lawo: ndivomere kapena ndiwasiyire ophunzira?

Mayi, vomerani. Ndayamba ndi yankho kuti mdzukulu wanu akatopa kuwerenga musatsale m'malere. Koma pali mavomeredwe ake, ndipo ndi amene ndikufuna tikhalitsepo.

Choyamba bungwelo ndi la chani? Mwanena nokha kuti ndi la maphunziro a akuluakulu. Ndiye ophunzira amene mukufuna kuwasiyirawo amadziwa chani za kukhala pa benchi ya m'tchalitchi masana dzuwa likuswa mtengo, ana a pulayimale akusuzumira pa windo nkumaseka kuti taonani agogo akuphunzira a e i o u? Amadziwa chani za kubisa kope mu chitenje podutsa pa chigayo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinaphunzitsako kalasi ya kwacha zaka zingapo ndisanapeze ntchito ina, ndipo ndikuuzeni, zifukwa zenizeni zomwe anthu amasiyira kalasi sindinazimve kwa mkulu aliyense wa mu ofesi, ndinazimva kwa amayi eni ake tikuweruka. Wina bambo akunyumba amamulonda kuti ukukatani kumeneko, wina maso sakuona bwino pa bolodi koma akuchita manyazi kunena, ambiri ikangofika nthawi yopalira ndi yokolola basi kalasi yatha yokha. Azibambo ndiye osanena, amabwera awiri atatu mwezi woyamba nkuzimiririka poopa kulakwitsa pamaso pa akazi. Munthu amene wadutsamo mu zimenezi akaimirira pamaso pa DC amalankhula zomwe zilipo.

Sukulu zimenezi si zadzulo. Dzina loti kwacha linachokera m'makalasi a nthawi ya Kamuzu, ndipo pulogalamu ya dziko lonse yomwe ilipo panoyi inakhazikitsidwa mu 1986, imayendetsedwa ndi boma kudzera ku maofesi a chitukuko cha m'madera, kalasi imodzi imatenga miyezi 10. Pulayimale yaulere inadzabwera mu 1994, nchifukwa chake amsinkhu wanu ambiri anatsalira, sikuti mitu inali youma ayi, kunalibe ya fizi, ndipo ikapezeka inkapita kwa mwana wamwamuna. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, odziwa kulemba ndi kuwerenga sankafika 70 pa 100 aliyense, akazi ali m'munsi mwa amuna. Ndiye tangoganizani, zaka zonsezi anthu masauzande adutsa m'makalasi amenewa, koma pa 8 Sepitembala tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga ndani amakhala pa mipando ya kutsogolo pa shedi? Ophunzira amaitanidwa kudzavina, kuchita kasewero, mmodzi nkuwerenga kandime pa maikolofoni anthu nkuwomba m'manja, kenako a mataye nkuyamba kulankhula za iwo ngati kuti achoka kale.

Apa ndi pomwe pali nkhawa yanga yeniyeni, osati Chingerezi. Pali utcheya wina wa maluwa. Ndinauona ndi maso anga m'kabungwe kena komwe sindikatchula. Anasankha mayi wa m'kalasi mwathu kukhala wapampando chifukwa a polojekiti ananena kuti akufuna kuona ophunzira mu komiti, zinali bwino ndithu, tinasangalala, koma ajenda ankalemba ndi mlembi, maminitsi mu Chingerezi, lipoti la ndalama mu Chingerezi, ndipo tsiku lina mlembi uja anabwera pa njinga yamoto kunyumba kwawo akuphika, ndi cheke chosalembapo kalikonse, akuti mayi tangosainani apa ndikuthamangira banki isanatseke. Anapukuta manja pa chitenje nkusaina, mosamala, chilembo chimodzichimodzi lilime lili panja monga tinkaphunzirira. Siginecha yomwe anaivutikira miyezi 10. Patapita miyezi ndalama zitasowa, dzina lomwe linali pa cheke linali lawo, ndipo m'mudzi nkhani inali yoti mwaona, osaphunzira akuba. Sanabe ngakhale tambala. Anasiya bungwe, anasiyanso kalasi, ndikakumana nawo pa msika mpaka lero timangopatsana moni.

Ndiye inu musanavomere pa gulu, khalani pansi ndi komiti yonse muwauze zofuna zanu. Maminitsi azilembedwa m'Chichewa ndipo aziwerengedwa mokweza pa msonkhano wotsatira. Pepala lililonse lofuna siginecha yanu lizigona kunyumba kwanu usiku umodzi, mudzaliwerenge nokha pang'onopang'ono kapena ndi munthu amene mwasankha inuyo, osati amene wabwera nalo. Likakhala la Chingerezi alimasulire kaye, molemba. Cheke chomwe sanalembepo kuchuluka kwa ndalama musasaine olo atakhala m'busa. Ndipo msungichuma azinena ndalama zalowa ndi zatuluka pamaso pa onse, monga mumachitira ku banki m'khonde, komwe bokosi lili ndi maloko atatu makiyi ali kwa anthu atatu, nzeru imeneyo mukuidziwa kale kuposa ambiri a ma digiri. Akakana zimenezi ndiye mwadziwiratu kuti amafuna chala chanu osati mutu wanu, pamenepo mukhoza kukana ndi mtima woyera.

Chinanso musalowe nokha. Pemphani kuti mu komitimo mukhale ophunzira awiri kapena atatu. Munthu mmodzi pakati pa aphunzitsi opuma ntchito amangoti eya eya, ndaziona, koma mukakhala awiri mumayang'anana nkudziwa kuti apa sitinamve tonse, wina nkukweza dzanja.

Za Chingerezi tsopano. Zoona zake nzakuti malamulo a dziko lino, gawo 51, amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Anthu ambiri amangotenga ganizo limeneli nkulifalitsa paliponse ngati kuti ndi lamulo la mpando uliwonse. Inu simukupita ku Nyumba ya Malamulo. Makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera (ADC) amakambirana m'chiyankhulo cha kwawo tsiku ndi tsiku, ndipo mafumu angati amene amaweruza milandu ya malo yovuta kwambiri opanda liwu limodzi la Chingerezi? Ku khonsolo mukangoyamba ndi kuti pepani ine ndilankhula Chichewa, palibe angakutulutseni, mabwana omwewo akatuluka panja pa tiyi amacheza Chichewa chokhachokha. Vuto limadzakhala pa mawekishopu a ku mahotela aja komwe amaonetsa zolemba pa khoma ndi kompyuta, kumeneko pemphani womasulira musananyamuke, ndi udindo wa oitanawo, si chifundo. Ndipo mlembi wodziwa Chingerezi ndi wofunika ndithu, sindikunyoza sukulu ine, kungoti iye akhale cholembera inu mukhale pakamwa.

Kuti musaone ngati ndikungokulimbitsani mtima ndi mawu okoma, zoterezi zinachitikapo kwina. Ku America, m'zigawo za kumwera, anthu akuda ankawaletsa kuvota powapatsa mayeso owerenga. Pa chilumba cha Johns Island ku South Carolina kunali bambo wina Esau Jenkins, yemwe ankayendetsa basi yonyamula anthu opita ku ntchito ku Charleston, ndipo ankawaphunzitsa m'basi momwemo ndime za malamulo zomwe ankafunsidwa pokalembetsa. Iye ndi mphunzitsi wina Septima Clark, mothandizidwa ndi sukulu ya Highlander ya ku Tennessee, anatsegula kalasi mu 1957 kuseri kwa kagolosale kuti azungu asadziwe, ophunzira 14. Mphunzitsi woyamba sanali wa ku koleji ya uphunzitsi, anali Bernice Robinson, mayi wokonza tsitsi, anamusankha dala chifukwa ankadziwa kumvetsera anthu osawayang'anira pansi. Anthu ankaphunzira kulemba dzina, kudzaza mafomu otumizira ndalama, kuwerenga kalata za ana awo. Makalasi amenewa anafalikira kumwera konse, ndipo ambiri amene anadutsamo ndi omwe anadzakhala aphunzitsi ndi atsogoleri a m'madera pa nkhondo yomenyera ufulu wovota, mpaka lamulo la 1965 linathana ndi mayeso aja. Ku Highlander komweko mu 1998 ophunzira akuluakulu anakumana nkuyambitsa bungwe lawolawo lotchedwa VALUE, loyendetsedwa ndi anthu amene anaphunzira kuwerenga atakula. Ku Ireland nakonso bungwe la maphunziro a akuluakulu la NALA lomwe linayamba mu 1980 lili ndi komiti ya ophunzira ndipo ena amakhala mu bodi.

Ku Brazil ndiye zinafika poopsa. Mphunzitsi wina dzina lake Paulo Freire mu 1963 anaphunzitsa anthu pafupifupi 300 ku Angicos kuwerenga m'masiku 45 okha, nthawi imeneyo osadziwa kuwerenga sankaloledwa kuvota, ndipo asilikali atalanda boma mu 1964 anamutsekera masiku 70 kenako anathawa m'dziko. Ankaopa chani, ma a e i o u? Ayi, ankaopa anthu ngati inuyo akayamba kufunsa mafunso pa misonkhano. Njira yophunzitsira akuluakulu ya REFLECT yomwe bungwe la ActionAid linayamba kuyesa ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador cha m'ma 1993, yomwe inafikanso kuno kwathu, inatengera maganizo ake, mwina munakhalapo pa bwalo lotere pomwe mumajambula mapu a mudzi pansi ndi timiyala ndi zitsononkho musanagwire pensulo.

Sindikunamizani kuti zikhala zophweka. Mudzalakwitsa kutchula mawu ena pa gulu ndipo wina adzaseka chamumtima. Padzakhala nsanje, makamaka pakabwera kaulendo ka alawansi, amene amati simungathe aja ndi omwe adzayambe kunena kuti mwayamba matama. Misonkhano idzakudyerani nthawi ya kumunda ndi ya geni, ndiye kambiranani kunyumba zisanayambe, transipoti azikubwezerani, musamatulutse ya m'thumba mwanu chifukwa cha manyazi. Ndipo kalasi musasiye. Ambiri akalandira satifiketi amaika pensulo pansi, pakatha zaka ziwiri zilembo zayamba kuthawa. Utcheyawu ukhale kalasi yanu yachiwiri, gulani kope la hadi kava, msonkhano uliwonse muzilemba nokha deti, amene abwera, ndi zomwe mwagwirizana olo mizere itatu yokha. Tsiku lina maminitsi a mlembi akadzasiyana ndi zomwe munakambirana, mudzatsegula lanu.

Pa msonkhano woyamba ku khonsolo musapite ndi madandaulo khumi. Tengani amodzi kapena awiri omwe mukuwadziwa mpaka pansi, mwachitsanzo makalasi angati m'dera mwanu alibe mabuku, alangizi akhala miyezi ingati osalandira, muwerenge nokha poyenda kalasi ndi kalasi sabata imodzi isanafike. Manambala amenewo muwalembe ndi dzanja lanu pa pepala limodzi, mukawerenge nokha, mukamaliza mufunse kuti tibwerenso liti kudzamva yankho, ndipo detilo mulilembe iwo akuona.

Mdzukulu wanu andilembere mukabwerako, ndikufuna ndimve kuti DC anayankha chani. Ndipo ulendo uno mizere yanu yolemba nokha ikhale iwiri, zilembo zikuluzikulu zomwezo palibe vuto.