Kafukufuku wa masamu kunja: mwana wanu ayambire pati?

Mayi wina wa ku Chilenje watilembera kuti: "Mwana wanga wamkazi ali m'chaka chachitatu pa UNZA (University of Zambia), akuchita masamu. Wapeza pa intaneti mapulogalamu a kafukufuku a ku America otchedwa REU, ndiye akupempha ndalama za pasipoti. Ndimupatse?"

Mayi, pasipoti mupangitsireni ndithu, idzafunika. Koma pa REU asaikepo mtima kwenikweni. Ndalama zake zimachokera ku National Science Foundation, bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa sayansi, ndipo zimaperekedwa kwa nzika za America kapena omwe ali ndi chilolezo chokhazikika kumeneko. Mwana wa ku Zambia akhoza kuchezera usiku wonse akulemba mafomu, koma osaitanidwa.

Makomo otseguka alipo. Fields Institute, malo a kafukufuku wa masamu ku Toronto m'dziko la Canada, imalandira ophunzira a digiri yoyamba ochokera kunja. ISTA, malo a kafukufuku wa sayansi ku Austria, nayonso imatenga, CERN, malo a kafukufuku wa fizikisi ku Geneva, chimodzimodzi, ngakhale ku CERN masamu ake amayendera limodzi ndi fizikisi ndi kompyuta. Mapulogalamuwa amachitika cha pakati pa June ndi August, nyengo yathu yozizira, koma mafomu amatsekedwa kumayambiriro kwa chaka. Wodikira mpaka April wachedwa. Aonenso kalendala ya yunivesite, chifukwa miyezi imeneyi ikhoza kumupeza ali m'kalasi, ndipo kuthawa mayeso chifukwa cha ulendo sindingamulimbikitse.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi kalata ya mphunzitsi yochitira umboni wophunzirayo. Kalata yongoti "anakhoza bwino kosi yanga" siipita patali. Osankha amafuna kumva kuti mtsikanayu anapatsidwa funso, analimbana nalo milungu ingapo, anasochera penapake, kenako n'kudzikonza yekha. Mphunzitsi sangalembe zimenezi za mwana amene amangomuona kumbuyo kwa holo. Choncho sabata ino apite ku dipatimenti ya masamu pa Great East Road pomwepo, agogode pa ofesi ya mphunzitsi amene kosi yake anaikonda, apemphe kafunso kakang'ono koti azikagwirira ntchito. Zomwe apeze azilembe m'masamba anayi kapena asanu, makamaka pa LaTeX, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera masamu, yomwe ndi yaulere. Timasamba timeneto ndi amene adzamulankhulire.

Akamaliza digiri, ayang'ane ku AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), sukulu ya masamu yomwe Neil Turok anayambitsa ku Muizenberg, Cape Town, mu 2003, ndipo pano ilinso ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Osankhidwa kukachita masitazi amalipiriridwa fizi, chakudya ndi pogona. Nakonso adzamufunsa makalata a aphunzitsi, kotero amene amugogodere panopa asamutaye.