Funsani Azakhali: Ndinaona zonse koma ndinangokhala chete

FUNSO

Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimagwira pa buthi ya mobile money pafupi ndi pokwerera mabasi muno mu Chipata. Lachisanu lapitali mtsikana wina anatsika basi yochokera ku Lundazi, chikwama pamutu, basi anyamata oitanira anthu aja anamuzungulira, wina mluzu, wina ati "sisi tiye ndikuperekeze", wina mpaka kumugwira m'chiuno ndikumukoka siketi. Anthu kumangoseka, amayi ena ati wazifuna yekha ndi kavalidwe kake. Ine ndinali ndi ndalama za abwana mu buthi ndiye ndinaopa, anyamatawo amandidziwa komanso ndimaweruka kwada. Mtsikanayo anachoka akulira. Mpaka lero mtima sukundipatsa mtendere. Kodi ndikanatani?

Wowerenga wa ku Mchini

YANKHO

Mwana wanga, mantha ako ndawamva ndipo sindikukudzudzula, munthu mmodzi kulimbana ndi gulu ndalama za eni zili m'manja si nzeru. Koma ukuganiza ngati njira zinalipo ziwiri chabe, kumenya kapena kukhala chete, pomwe pakatipa pali zambiri.

Ndikuuze zanga. Ndili mtsikana ndinakwera minibasi yopita ku Katete, bambo wina pambali panga dzanja lake lili pantchafu yanga, ndikalichotsa likubweranso, mawu osatuluka, pakhosi pangouma gwa. Agogo ena kumbuyo, nkhuku yawo pamiyendo, anangoti "iwe mdzukulu wanga, bwera ukhale kuno undigwirireko nkhukuyi". Sankandidziwa mpang'ono pomwe. Bamboyo sanamuyankhule, sanamuyang'ane nkomwe, koma ndinachoka pampando paja ndipo mpaka pano ndikakumbuka misozi imalengeza. Iwenso ukanatha kukuwa uli mu buthi momwemo kuti "sisi, bwerani mutenge chenji yanu!" Mtsikanayo akanapeza pothawira, anyamata aja sakanapeza chokumenyera chifukwa sunawatukwane. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye uzimuitana ngati mlongo wako basi.

Ngati wekha zikukuvuta, tuma ena, koma osangoti "anthu thandizani" ayi, pagulu aliyense amadikira mnzake ayambe. Loza munthu mmodzi, "amayi a nthochi inu, tamutengeni mwanayo akhale pa inu", kapena uza kondakitala wa basi imene watsikayo, kapena tcheyamani wa pasitesheni. Amayi amodzi akaimirira ndikumanga chitenje, enanso amadzuka, izi ndaziona kangapo mumsika.

Za siketi zija zimandiwawa kwambiri. Ine tsiku lija ndinavala chitenje chofika kuakakolo. Ana asukulu a yunifomu amaimbiridwa mluzu, amayi oyembekezera amagwidwa pamzere, ndiye vuto lili pansalu kapena padzanja la wogwirayo? Ukamva wina akuti wazifuna yekha, muyankhe mwaulemu koma osameza mawu.

Ndipo dziwa kuti zimene unaonazo ndi mlandu, si masewera a pasitesheni. Kugwira munthu thupi mwachipongwe chotere kuli mu Penal Code, buku la malamulo a milandu kuno ku Zambia, gawo 137, ndipo chilango chake chimayambira zaka 15 m'ndende. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limawerengeranso kuvutitsa munthu motere ngati nkhanza. Kupolisi kuli Victim Support Unit yoona nkhani zomwezi, komanso pali nambala yaulere 933, ndipo ngati ndi mwana imbani 116. Iwe umakhala pamalo amodzi tsiku lonse, nkhope ukuzidziwa, nthawi ukuidziwa, umboni wako ndi wolemera kuposa wa munthu wongodutsa. Koma kukanena kapena kusanena asankhe mwini wake, osamukakamiza. Ukajambula pafoni, vidiyoyo umupatse iyeyo, osaiponya pa Facebook kapena m'magulupu a WhatsApp, apo ndiye wamuvula kachiwiri pamaso pa tauni yonse.

Ngakhale zitatha kale ntchito imakhalapobe. Mufunse kuti "muli bwino sisi, ndikuimbireni ndani?", mupatse mpando ndi madzi, muuze kuti waona ndipo sanalakwe ndi iye. Amene amachoka akulira aja nthawi zambiri chimene chimawapweteka kwambiri ndi kuseka kwa anthu oonerera.

Mawa ukatsegula buthi, pita kwa amayi ogulitsa pafupi nawe ndi mnzako wa buthi yoyandikana, mugwirizane kuti zikayambanso wina aitana mtsikanayo, wina athamangira kwa tcheyamani. Ukatero undilemberenso, ndifuna kumva mmene ziyendere.